Galimoto Yapita ku Vubwi, Dzina Latsala

Pasiteji ya ku Katete, Gift ankadikira minibasi ya ku Sinda, suti yaukwati ili pamiyendo, mtima uli kale kwa Nelia wake. Mayi wina wogulitsa zitenje anamusendezera malo pabenchi.

"Akwati athunthu kukwera minibasi?"

"Galimoto ndinali nayo, amayi. Ndinagulitsa dzulo kwa bambo wina wa ku Vubwi kuti ukwati uyende bwino."

"Dzina la mwini galimoto munakasintha ku ofesi?"

"Tinagwirana chanza pamaso pa amalume. Si basi?"

"Chanza! Amuna anga nawonso anagwirana chanza pogulitsa galimoto yawo. Galimotoyo inagwidwa kumalire itadzaza chimanga chozembetsa, woyendetsa n'kuthawira kutchire. Apolisi anadzatenga mwini dzina. Chaka chimenecho ndinakolola ndekha."

"Mayo ine! Ukwati wanga ndi Loweruka lomweli!"

"Ndiye muimbireni wogulayo, mukakumane ku Chipata, mukalembetse kuti galimoto ndi yake. Mkwatibwi angapirire kumusowa mwamuna lero, osati kukamuona kupolisi atavala velo."

"Amayi, mwandiombola. Loweruka mubwere, mudzakhale kutsogolo ndi makolo anga."

"Kudzakhala? Ine ndikubwera kudzavina! Thamangani, ya ku Chipata iyo ikunyamuka!"