Masamba a Mtengo wa Amayi

— Halo? Adada?

— Halo! Flora mwana wanga! Dikira ndituluke, netiweki imagwira pamwala pajapa. Eya. Mwe uli?

— Nde umampha, adada. Kaya inu ku Chikaleko?

— Ambuye akutisunga. Mwera wavuta, asodzi sanalowe panyanja masiku atatu. Nanga ku Blantyre? Ku labu kwanuko?

— Tili bwino. Mwendo uja unaundana magazi uli bwanji?

— Ukuphwa. Dzulo ndinafika mpaka kumsika. Masamba ena ndayanika kale, pamthunzi monga unanenera, m'chipinda cha malemu amayi ako. A Wonderful a minibasi anyamula Lachisanu.

— Musatumizenso, adada. Mayeso atha.

— Atha? Ndiye mtengo wa amayi ako wakhoza?

— Mbali imodzi. Tinaika magazi oundana m'timabotolo, n'kuthiramo madzi a masambawo. Anasungunuka ndithu, pang'ono.

— Aleluya! Ndinkadziwa ine. Mkazi wanga Jenny sankabzala chinthu chachabe.

— Dikirani kaye. Timayesanso ngati muli poizoni. Tili ndi tizilombo ta m'madzi amchere, tochepa ngati nsabwe. Timaika khumi m'kabotolo kamodzi. Pofika mawa lake, tonse tinali titafa. Tinachepetsa mankhwala, n'kubwereza katatu. Tizilomboto tinafabe.

— Ine sindine kachilombo.

— Mwati bwanji? Adada, mukumwa masambawo?

— Halo? Ukudukaduka...

— Sindikuduka ayi. Mukumwa?

— Kakapu kamodzi basi, m'mawa ndikatha kupemphera.

— Pamodzi ndi mapilitsi akuchipatala osungunula magazi aja? Kuyambira liti?

— Chipitire Pasaka.

— Mukamatsuka m'kamwa, magazi akutuluka?

— Mswachi wake ndi wolimba uja.

— Mayo ine! Zosungunula ziwiri nthawi imodzi, china chili ndi poizoni! Si inu munatiphunzitsa ku Sande sukulu za anthu aja anathyola zam'tchire osazidziwa, n'kupeza imfa mumphika?

— Iwe, ukulalikira mkulu wa mpingo?

— Ndikulalikira adada anga. Ndatsala ndi inu nokha.

— Flora... ndikawiritsa masamba aja, nyumba yonse imamveka fungo lija la nthawi imene Jenny analipo. Ndimakhala ngati ali kukhitchini, akung'ung'udza nyimbo yake ya chiyanjano cha amayi. Ndikapanda kuwiritsa, muno mumangomveka mafunde.

— Wiritsani, mumve fungolo, kenako mutaye. Koma mawa m'mawa mupite kuchipatala, mukawauze zonse. Mutengenso masambawo akawaone. Mwandimva?

— Ndamva.

— Lonjezani.

— Pamaso pa Mulungu, ndipita. Ndiye... mayesowo atheratu?

— Atheratu.

— Paja unkaimba Lachiwiri lililonse. Unkafunsa kuti mwathyola liti, mwayanika bwanji, sanachite nkhungu? Ndinkachajitsa foni Lolemba kuti isandizimire.

— Adada...

— Kuli mtengo wina kuseri kwa tchalitchi. Anthu amati makungwa ake ndi amphamvu. Mwina mabwana ako angafune kuuyesa. Ndikhoza kuyamba kuyanika.

— Simukufunika mtengo kuti ndikuimbireni.

— Ndimangofunsa.

— Ndiimba mawa masana, mundiuze zimene anena adokotala. Mayunitsi akutha, adada, foni yandichenjeza kale.

— Yewo, mwana wanga. Nanga Lachiwiri?

— Lachiwiri ndi...

— Halo? Flora? Halo? ... Ambuye akusunge. Ndikhala pamwala pomwe pano.