Bwato linagubuduka iwo akuonerera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Lero ndikuuzani za tsiku limene bwato langa linagubuduka pakati pa damu, anthu ali pamtunda kuonerera.

Kwathu ndi ku Vubwi, koma ndinakwatira kufupi ndi Sinda. Asodzi a kumeneko sanandifune chifikire. Ankati mkamwini azilima munda wa apongozi, osati kudya nsomba za eni mudzi. Kawiri konse ndinapeza ukonde wanga utadulidwa ndi mpeni.

M'mawa wina mu Julaye, ndikukoka ukonde, mphepo inakankha bwato cham'mbali ndipo ndinapezeka ndili m'madzi ozizira. Mwendo unakodwa mu ukonde, majombo anadzaza madzi n'kumandikokera pansi. Ndinakuwa. Amuna anayi anali pamtunda, mabwato awo ali pomwepo, koma palibe amene anagwira nkhafi. Ndinamva mmodzi akuti, "Msiyeni, adziwe kuti damu lili ndi eni ake."

Mawu amenewo anandifoola kuposa kuzizira kwa madzi. Ndinangoti, Mulungu wanga, musalole kuti ndifere pamaso pa anthu awa.

Pomwepo mayi wina amene ankachapa pamwala anaimirira. Iyeyu anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, choncho ankadziwa za mabwato. "Bambo, musasiye bwato! Vulani majombo kaye."

Ndinagwira bwato ndi dzanja limodzi, linalo ndikuvula majombo, ndipo mwendo unamasuka mu ukonde. Mayiyo anandiuza kuti ndilitembenuze bwatolo, kenako ndizilikankha ndi kulikoka mobwerezabwereza kuti madzi azikhutukira kunsonga. Nditayesa kukwerera pambali, linapendekekanso.

"Osati pambali, pitani kumbuyo. Mugone chafufumimba, mudzikoke pang'onopang'ono."

Ndinakwera nditayesa kachitatu. Madzi otsala ndinakapa ndi chipewa, ndipo popeza nkhafi inali itapita ndi mphepo, ndinapalasa ndi manja mpaka kumtunda. Amuna aja anangotembenuka n'kuyamba kusoka maukonde awo. Mmodzi anakalipira mayiyo kuti amalowerera za amuna.

Sindinama pamaso pa Mulungu: kukhululuka kukundivutabe, ndipo mmodzi wa iwo timakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Mundipempherere. Koma ndikuthokoza Ambuye amene anaika mawu a moyo m'kamwa mwa mayi uja. Inu amene mukumira anthu akuonerera, musataye mtima, gwiritsitsani chimene chikuyandama. Ine Loweruka la sabata yomweyo ndinabwereranso pamadzi.