Kudontha kwa Difu Panjira ya ku Chiuta

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene muli. Ine ndine Mayi a Rosa, ndimakhala ku Insaca kuno ku Mecanhelas. Ena umboni wangawu auona ngati wochepa, chifukwa ndi wa olyo, mafuta a galimoto, amene ankadontha pansi pa kamyao yathu, ndiye kuti lole. Koma amene anakhalapo ndi chinthu chimodzi chokha chodyetsa banja, n'kumachiona chikufa pang'onopang'ono, andimvetsa.

Kamyaoyo ndi ya amuna anga, Bambo a Rosa. Ndi yakale, ndipo ntchito yake ndi kunyamula amayi a geni ya nsomba kuchokera ku Chiuta kubwera nawo kumsika, nthawi yokolola n'kumanyamula chimanga ndi nandolo. Adakali bwino anandiphunzitsa kuyendetsa mpaka ndinatenga chiphaso, anthu akuseka kuti mkazi ndi chiwongolero n'zosayenderana. Chaka chatha anagwa pakhonde akusamba m'manja. Kuchipatala anati ndi matenda ofa ziwalo. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, lilime linalemera. Kuyambira pamenepo chiwongolero chinakhala changa, pamodzi ndi kuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa. Ndikachoka, amatsala nawo ndi mchemwali wanga.

Tili m'kati mozolowera moyo umenewo, galimoto inayamba kudontha kumbuyo. Pakati pa matayala akumbuyo pali chimphika chachitsulo chokhala ndi mano amene amazunguza matayalawo. Kuno amachitcha diferensiyali, koma ife amene tinakulira kothawa nkhondo ku Malawi timangoti difu. Kumbuyo kwake kuli chivundikiro chomangidwa ndi mapalafuzo, mabawuti aja, ndipo m'mphepete mwa chivundikirocho ndi mmene olyo ankatulukira. Poyamba kanali kachinyezi chabe kogwira fumbi. Kenako anakhala madontho.

Ndinapita nayo ku ofisina, kokonzera magalimoto. Anamasula, anaika junta yatsopano, kachikopa kaja kotseka pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo inaleka. Patapita masiku ochepa inayambiranso. Ndinabwerera, anapaka silikoni, guluu wotsekera. Inayambiranso. Ndinayesa mekaniko wina ku Entre Lagos, ndipo ine ndemwe ndinkawachonderera kuti, “Mangitsani kwambiri, abambo, ndisabwerenso.” Iwo ankamangitsadi mpaka thukuta. Anagwira ntchito yawo ndi mtima wonse, koma ulendo uliwonse wautali unkandibwezera pomwe paja.

Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanaphike phala la odwala, ndinkayala thumba pansi, kumanga chitenje zolimba, n'kukwawira kunsi kukathira olyo. Amene simunamve fungo la olyo wa difu, thokozani Mulungu. Limanunkha ngati mazira owola, ndipo sopo salichotsa. Linalowa m'zikhadabo zanga, m'duku, m'zovala za kutchalitchi. Tsiku lina ndikuwadyetsa amuna anga, anatembenuzira nkhope kukhoma chifukwa cha fungo la m'manja mwanga. Sanachitire dala. Koma ine ndinatuluka ndi mbale ija, ndinakaima kuseri kwa nyumba, ndipo misozi yomwe inakana kutuluka. Ndinali nditatopa kupitirira polira.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, ankabwera n'kunena kuti tiigulitse kwa ogula zitsulo isanafere kutchire. Sankanena mwankhanza, ankandimvera chisoni. Anthu ena apamudzi ankanong'ona kuti mwini wake wagwa, galimoto nayo ikukha magazi, pamenepa pali dzanja la munthu. Amayi ena a nsomba anayamba kukwera shapa, timabasi tija, poopa kugona panjira ndi katundu. Ine kutchalitchi ndinkapitabe, koma nyimbo zinkangodutsa pamwamba panga. Ndikagwada kuti ndipemphere, tulo tinkandipeza ndisanafike pa ameni.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali kumapeto kwa dzinja, msewu uli matope okhaokha. Tinkachokera kunyanja titadzaza madengu a matemba ouma ndi milamba yowamba. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamva kumbuyo kukulira ngati njuchi zili mumphika. Ndinaima pambali, pafupi ndi kamudzi kena. Nditasuzumira kunsi ndinaona olyo akuyenderera, osati kudonthanso ayi, ndipo chimphika chija chinali chotentha chosagwirika. M'chigubu ndinali ndi olyo wothira kamodzi kokha. Ndinadziwa kuti ndikathira n'kupitiriza, atha tisanafike, mano aja adyana, ndipo galimoto ithera pomwepo. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda. Lona yathu yofunditsira katundu ndi yong'ambika, ndipo matemba akanyowa ndiye kuti amayi aja ataya zonse.

Amayiwo anayamba kuyankhula onse nthawi imodzi. Ine ndinakhala pansi m'matope momwemo, nditatsamira tayala, ndipo ndinati chamumtima, Ambuye, ndatopa. Sindinapemphe chozizwitsa, sindinatchule vesi. Ndinangoti, ndatopa, ngati mukuona, onani.

Mwa amayi aja munali mmodzi wachisilamu, Abiti Ajusa, wosayankhulayankhula, amene nthawi zonse amakhala pakona ndi dengu lake. Anabwera n'kunjuta pafupi nane.

“Mana, m'bale wanga, musalire,” anatero. “Kuno ndi kwathu. Bambo anga ali pakhomo. Maso anafa, koma ankakonza malole kalekale. Ndikawatenge?”

Kunena zoona ndinavomera chifukwa ndinalibe mphamvu zokanira. Pasanapite nthawi anabwera atagwira ndodo kutsogolo, kumbuyo kwake kukubwera nkhalamba yowonda, ya kofiya yoyera, maso ali mbee ngati mkaka. Amayi ena anagwira pakamwa. Ineyo mtima unagweratu. Awa ndi amene anali Che Ajusa.

Anandipatsa moni mwaulemu, anapempha mphasa, ndipo mwana wawo anawathandiza kugona chagada kunsi kwa galimoto. Anadikira kuti chitsulo chizizire, kenako anayamba kupapasa pang'onopang'ono ngati mzamba. Anandifunsa ngati imaleka kudontha akangoikonza, n'kudzayambiranso ikayenda mtunda wautali. Ndinati eya, ndi momwemo. Dzanja lawo linasiya chivundikiro chija n'kukwera pamwamba pa chitsulo chopita ku tayala, kumene ine ndinali ndisanayang'aneko n'kamodzi komwe. Kumeneko anagwira kanthu kena kokutidwa ndi dothi louma.

“Mwananga, bweretsani dzanja,” anatero. Anagwira zala zanga n'kuziika pamenepo. “Aka ndi kamphuno kake. Difu imapuma. Olyo akatentha, mpweya umatulukira apa. Matope akatseka, mpweyawo umakankha olyo pofooka paliponse. Mungamange bwanji chivundikiro, adzatuluka basi.”

Kenako anati manja awo amanjenjemera, sangagwire sipanala, ndiye ntchitoyo ndiigwire ndine, iwo azindiuza. Ndinamasula kamphunoko, ndinakatokosa ndi waya, ndinakatsuka ndi petulo mpaka nditakauzira mpweya unadutsa. Abiti Ajusa anabweretsa beseni, tinakhetsera olyo wotsala. Bambo aja anaviika zala n'kumazifikisa kwa kanthawi, akufufuza tizidutswa tachitsulo. Pamenepo mtima wanga unali m'mwamba. Kenako anati, “Mano akadali amoyo. Mwaima nthawi yabwino.”

Nditachotsa chivundikiro ndinawapatsa m'manja. Anayendetsa chala m'mphepete mwake ndipo anapeza kuti pa bowo lililonse la palafuzo chitsulo chinali chitatupa chifukwa cha kumangitsa kuja, moti sichinkagonanso bwino pa chinzake. Pakhomo pawo panali chidutswa cha njanji yakale chimene amasulirapo makasu. Amayi awiri anakachinyamula. Ndinagoneka chivundikiro pamenepo n'kumamenya ndi hamala mofatsa, iwo akupapasa n'kumati apa, apanso, basi pamenepo. Ndinapala zotsalira zonse za junta ndi silikoni wakale ndi mpeni wa nsomba, mbali zonse ziwiri, ndinapukuta ndi petulo mpaka chala chinkalira pachitsulo. M'galimoto munali silikoni wotsala ku ofisina. Ine ndinkafuna kupaka wambiri, iwo anakana. Anati kamzere kamodzi kopyapyala kosadukiza, kozungulira mabowo onse, n'kokwanira. Pomanga anandiuza kuti ndisatsate mzere, koma ndimange palafuzo wa uku, kenako wa kutsidya kwake, pang'onopang'ono, ndipo dzanja likangomva kuti wagwira ndileke.

Ndiye panabwera chovuta kuposa zonse, kudikira. Anati olyo asathiridwe silikoni asanagwire. Mitambo inali itafika pamutu pathu. Amayi aja, omwe aja ankadandaula, anatsitsa madengu onse n'kukawalowetsa m'khonde ndi m'khitchini mwa Che Ajusa, ndipo mvula itagwa palibe nsomba inanyowa. Che Ajusa anatawaza n'kukaswali, ine ndinakhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Kuchokera tsiku limene amuna anga anagwa, kanali koyamba kukhala pansi masana popanda chochita. Ndinagona tulo nditakhala chomwecho, ndipo palibe anandidzutsa.

Nditadzuka mvula inali itakata. Bambo aja anali atakhala pambali panga. Anandiuza kuti ntchitoyi anaiphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, akukonza malole obweretsa chimanga kwa othawa. Mwina ufa umene ine ndinkadya ndili mwana unabwera pa malole omwewo. Anati chiyambire kufa maso, palibe anawaitanapo kuti agwire galimoto. Mwana wawo anali atawauza za kunyumba kwanga, ndipo anati, “Amuna anuwo muzikawauza zonse za pa ulendo, ngakhale sayankha. Munthu akadwala, chimene chimamupweteka ndi kuleka kufunsidwa.”

Tinasefa olyo uja pansalu, tinaonjezera wa m'chigubu mpaka anafika pakamwa pa bowo lothirira. Ndinafuna kuwathokoza ndi kanthu, anakana, anangolandira milamba imene amayi aja anasonkha. Tinafika ku Insaca dzuwa likulowa, kumbuyo kuli zii. M'mawa mwake ndinakwawira kunsi ndi mantha, ndinapeza chitsulo chouma. Sabata inatha, mwezi unatha, tinanyamula chimanga, tinanyamula nandolo. Mpaka lero sichinadonthenso. Ndikadutsa m'matope ndimatsuka kamphuno kaja, basi.

Madzulo a tsiku lija la panjira ndinawafotokozera Bambo a Rosa zonse, kuyambira kulira kwa njuchi mpaka chidutswa cha njanji. Nditafika pa kamphuno kotsekeka, anamenya bondo ndi dzanja lawo lamanzere, n'kutulutsa mawu amene ndinawamva bwinobwino: “Eyaa!” Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali nditaiwala kaseko kawo.

Abale anga, sindikunamizani kuti zonse zatha. Amuna anga sanayambe kuyenda. Msana umandipweteka, galimoto ndi yakalebe, mawa ikhoza kudwala pena. Ndimatopabe. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandiona nditakhala m'matope, n'kunditumizira thandizo kuchokera kumene sindikanaliyang'ana, kwa munthu wa chipembedzo china, wosaona, amene dziko linali litamuika kale pambali. Ndimawatchula dzina Che Ajusa m'mapemphero anga, ndipo ndikadutsa pamudzi pawo ndimaliza hutala, iwo amakweza ndodo.

Inu amene mwanyamula katundu wosatula, wodwala m'nyumba, ntchito yosaoneka phindu, chinthu chimene mwakonza n'kukonzanso koma chikubwererabe, musataye mtima. Ndipo wina akabwera kuti akuthandizeni, musayambe mwamuyeza ndi maso. Mundikumbukire m'mapemphero pa misewu imene ndimayendamo, ndipo mupempherere lilime la Bambo a Rosa, chifukwa mawu ayamba kubwera amodziamodzi, ndipo dzulo anaitana mwana wathu Rosa ndi dzina lake. Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.