Tsiku limene kandege kanakana kuuluka

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ine ndine uja mumandiona pa msika wa Lizulu ndikunenerera mbatata ya kachewere mpaka wogulitsa kutuluka thukuta. Lero ndikuuzeni za tsiku limene mayi a kunyumba, a Nangozo, analumidwa ndi mphiri, pakamwa panga pomwe ndimadalira panasanduka popanda ntchito.

Inawaluma pamwendo madzulo akuchokera kumunda wa mpunga, kwathu kuchigwa cha ku Sharpevale. Tinathamanga nawo ku kachipatala kapafupi, koma mankhwala a njoka kunalibe, ndipo mlatho wa njira ya kuboma unali utakokoloka ndi mvula. Adokotala anandilimbitsa mtima kuti aitanitsa mankhwalawo pa kandege kopanda woyendetsa kamene kamabweretsa katemera. Ndinakhala panja maso ali kumwamba, dzuwa mpaka kulowa. Kandege osaoneka.

Kenaka foni ya adokotala inalira, ndipo nkhope yawo inagwa. Ati kandege sikanyamuka. Ndinapempha foniyo, poti m'moyo mwanga "sizitheka" amatanthauza kuti wonjezerani pang'ono.

"Achemwali, tiyeni tikambirane ngati anthu," ndinatero. "Thumba la kachewere wosankha, lofika pakhomo panu."

"Bambo, si nkhani ya thumba," anayankha mayi woulutsa kandegeko.

"Chabwino, awiri. Ndi kabichi pamwamba."

Mayiyo anapumira m'mwamba n'kundifotokozera. Kandegeko kamadziwa njira pomvera masetilaiti. Koma kutali kupitirira mitambo kuli mpweya umene dzuwa limautentha tsiku lonse, ndipo m'maiko athu a m'chiuno mwa dziko lapansi, masiku ena dzuwa likangolowa mpweyawo umawinduka ngati madzi owira. Zikatero uthenga wa masetilaiti umafika moduladula, kandege n'kumaganiza kuti kali pena pomwe kali pena. Ati ngakhale oyendetsa ndege zikuluzikulu amachenjera nazo.

"Ndikakaulutsa pano, mankhwala anu akagwera m'phiri kapena padenga la munthu. Ndipo botolo latsala ndi lomweli."

Ndinakwiya, abale. Kunja kuli mbee, mtambo palibe, mphepo palibe, wina n'kumandiuza kuti kumwamba kwavunduka! Ndimuloze chala ndani? Ndikanganirane ndi yani? Mwendo wa a Nangozo unali utatupa mpaka m'bondo, akubuula osatha kutchula dzina langa. Ndinagwada kuseri kwa chipatala, ndipo ngakhale pempherolo ndinaliyamba monenerera: Ambuye, ndisiya ichi, ndipereka icho. Pakati pake mawu anandithera. Ndinangoti, "Ndilibe chokupatsani. Ndithandizeni."

Sindinadziwe kuti mayi wa kandege uja sanagone pa "sizitheka" wake. Anali atakweza kale mankhwalawo pa njinga yamoto mpaka pa mlatho woduka. Adokotala atandiuza zimenezi, ndinathamangira komweko. Chotsala chinali mtsinje wodzaza, umene aliyense ankangouyang'ana manja ali m'chiuno.

Pamenepo panatulukira a Maseko, bambo wa ngolo amene anabwera kuchipatala kudzaona mlongo wawo. Sitinkadziwana n'komwe. Anamasula ng'ombe yawo imodzi, kuilowetsa m'madzi, iwo n'kugwira mchira. Pobwerera kabokosi ka mankhwala kanali pamutu, madzi ali m'khosi, ng'ombe ikuwakoka. Ine kutsidya kuno ndikungokuwa malangizo, munthu wosadziwa n'kusambira komwe.

Atawoloka ndinayamba zanga zija: "Achimwene, nenani mtengo."

"Inu, thamangani ndi kabokosika," anatero akufinya malaya. "Mukufuna mayiwo afe muli pamsika?"

Ndinathamanga.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha a Maseko, ndiponso chifukwa cha mayi amene anandikaniza, poti akanandimvera botolo lija likanathera m'thengo. Inu amene mwagogoda khomo likukana kutseguka, musaleke kupemphera, thandizo limatha kudzera kumene simukuyang'anako. A Nangozo ali moyo ndipo mwendo sanadule. Amatsimphina pang'ono kukazizira, koma Lamulungu lapitali anayenda okha mpaka kutchalitchi, ine ndikuwanyamulira Baibulo pambuyo.