Ndinanyoza Wogulitsa Chakudya Pomwe Matenda Anali M'khola Mwanga

Abale ndi alongo anga mwa Khristu, landirani moni kuchokera kuno m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Umboni wangawu ndi wolemera pakamwa, chifukwa wolakwa m'nkhaniyi ndine ndemwe. Ndikufuna ndikuuzeni za nyengo imene nkhukundembo zanga zinkafa tsiku ndi tsiku, ine n'kukaipitsa mbiri ya munthu wosalakwa pakati pa msika.

Ndine mlimi wa mbatatesi kuyambira utsikana wanga. Chaka chatha nditagulitsa zokolola, ndinagula anapiye a nkhukundembo okwana 80, kuti akakula ndidzagulitse pa Khirisimasi. Unali mwezi wa Juni, ndipo chisanu cha ku Dedza mukuchidziwa. Poopa kuti anapiyewo angazizidwe, ndinatseka mawindo onse a khola ndi masaka, osasiya ngakhale kampata. Utuchi umene ndinayala pansi sindinausinthepo. Nzeru zanga zinali za kudimba: zitosi ziunjikane, zisakanikirane ndi utuchi, ziwolere momwemo, ndidzapeze manyowa amphamvu a mbatatesi. Madzi akatayika m'zomwera ndinkangoti zili bwino, manyowa apsa msanga. Amuna anga atadandaula kuti fungo la m'kholamo likuwawa m'maso, ndinawauza kuti azisamala za mbuzi zawo. Ndili ndi mtima wapachala, ndipo akhristu anzanga a kumphakati kwathu angandichitire umboni.

Sabata yachisanu anapiye anayamba kuunjikana pakona, mapiko atagwa, maso ali tsinzi. Chakudya anasiya. Zitosi zawo zinali zamadzimadzi, zonanda, zina zokhala ndi timagazi. Tsiku loyamba ndinatola akufa atatu, mawa lake asanu ndi mmodzi. Thukuta langa la chaka chonse linali kuthera m'dzenje kuseri kwa nyumba.

Sabata yomweyo n'kuti nditangotsegula thumba latsopano la chakudya. Ndinaligula kwa a Saidi, bambo wachisilamu amene ali ndi shopu ya zakudya za ziweto pa Linthipe. Sindinafunse munthu aliyense, mlandu ndinaweruza ndekha. Tsiku la msika ndinalongedza anapiye akufa m'jumbo, ndinakwera kabaza, n'kukawakhuthula pakhomo la shopu yawo.

"Anthuni bwerani mudzaone! Bambo awa akugulitsa chakudya chowola! Kupemphera kasanu pa tsiku, koma kupha ziweto za amphawi!"

Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, pakamwa pomwe ndimalandirira Ukalistia. Anthu anaunjikana. Mayi wina amene anali atasenza kale thumba analitula n'kuchoka. A Saidi anayang'ana anapiyewo, kenako anati, "Pepani mayi ndi zimene zakuonekeranizi. Mumakhala mudzi uti?" Ndinawatchulira mudziwo mwachipongwe, n'kuwonjezera kuti abwere ndi khasu adzandithandize kukwirira.

Ndinabwerera ndikudzimva kuti ndapambana, koma m'khola imfa sinaleke. Pofika Lachinayi anali atafa makumi awiri ndi atatu. Ndinasowa mtengo wogwira. Masana a tsikulo ndinapita kutchalitchi ku Kabwazi, ndinagwada ndekha, ndikulira. Pemphero langa ndimalikumbuka liwu ndi liwu: "Ambuye, muonetseni poyera amene wapha ziweto zanga, achite manyazi pamaso pa anthu." Abale anga, Mulungu amayankha ndithu, ndipo pemphero limeneli analiyankha lonse.

M'mawa mwake njinga yamoto inaima pabwalo. Anali a Saidi, atabereka alangizi a ziweto. Alangiziwo anayamba ndi thumba lija. Anapisa dzanja mpaka pansi, ananunkhiza, n'kunena kuti chakudyacho n'chouma bwino, chilibe nkhungu. Atatsegula chitseko cha khola anabwerera m'mbuyo akutsokomola. Anapempha khasu n'kugalauza utuchi. Pansi pake panali matope akuda, ofunda, otuluka nthunzi. Anang'amba mwanapiye mmodzi wakufa n'kundionetsa matumbo otupa, odzaza ndi zonanda.

"Mayi, awa ndi matenda a m'matumbo otchedwa kokisidiyosisi," anatero. "Tizilombo take timatuluka ndi zitosi, ndipo timakhwima pamalo onyowa ndi ofunda. Anapiye akamajompha pansi amatimeza, matumbo n'kuchita zilonda. Inuyo tizilomboti munatimangira nyumba yabwino zedi."

Amuna anga anali pomwepo. Anthu oyandikana nafe, amene ndinawauza kale kuti wandiphera ziweto ndi Msilamu wa pa Linthipe, anali pomwepo. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti ndilowe. Safunsa anadya phula, ndipo langalo ndinalidya anthu akuona.

Ndinkadikira kuti a Saidi andibwezere mawu anga, ndipo akanatero sindikanawadandaula. Koma iwo anangopinda buluku n'kufunsa amuna anga ngati tili ndi wilibala. Khasu lija ndinawanyoza nalo kumsika analigwiradi. Munthu amene ndinamuthamangitsira makasitomala anakhala m'mawa wonse akutuluka ndi zitosi zonunkha za m'khola mwanga. Ine ndinakanika ngakhale kuwayang'ana kumaso. Ndinkangotunga madzi, misozi ikugwera m'ndowa.

Alangizi anatipatsa mankhwala othira m'madzi akumwa, natiuza masiku ake, ndi mavitamini oti tidzapereke pambuyo pake kuti matumbo achire. Tinayala utuchi watsopano wouma, zomwera tinazikweza pa njerwa kuti zitosi zisagweremo ndiponso madzi asatayike. Masaka a m'mawindo apamwamba tinachotsa kuti mpweya uziyenda, odwalitsa tinawapatula. Anandichenjezanso kuti ndisamapatse nkhukundembo mankhwala kapena chakudya chamankhwala cha nkhuku ndisanafunse, chifukwa zina zimene zimathandiza nkhuku zimapha nkhukundembo. Za manyowa anati, "Manyowa amapsera kudzala, kutali ndi khola, osati kunsi kwa mapazi a ziweto."

Anafanso asanu, kenako imfa inaleka. Tsiku limene ndinamva anapiye akulimbirana chakudya ndinagwada pakhomo la khola pomwepo. Mwa 80 aja, anapulumuka 52.

Koma mtima wanga sunapole. Nditapita kukalapa, bambo mfumu anandiuza kuti, "Munawanyozera pamsika, ndiye kawapepeseninso pamsika." Sabata ziwiri ndinkazengereza, ndikunamizira ntchito. Yachitatu ndinapita. Ndinaima pamalo pomwe paja, n'kukweza mawu monga ndinakwezera tsiku lija: "Anthuni, ndinanama! Chakudya cha bambo awa chinali chabwino. Ziweto zanga ndinazipha ndekha ndi uve wa m'khola!" Ena anaseka, ndipo anali ndi chifukwa chosekera. A Saidi anatuluka m'shopu n'kunena motsitsa mawu, "Basi mayi, zinatha zimenezo. Nanga ziweto zikudya?"

Pa Khirisimasi ndinasankha tambala wa nkhukundembo wamkulu kuposa onse n'kupita naye kwawo. Ndinamupereka wamoyo, kuti akamuzinge okha monga chimafunira chipembedzo chawo, chomwe chija ndinachinyoza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsira ziweto, n'kundichotsanso m'bodza langa kudzera mwa munthu amene sindikanamusankha. Inu amene muli m'mayesero, musataye mtima, musaleke kugwada. Koma musanaloze munthu chala, yambani mwagalauza utuchi wa m'khola mwanu. Ine ndinapempha Ambuye kuti wolakwa achite manyazi pamaso pa anthu, ndipo anthu a pa Linthipe anamuonadi, ataima pakhomo la shopu atavala chitenje changa.