Dzina Langa Linalowa mu Seva Ine Ndili Kumanda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine Esinati wa ku Chilobwe, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi mbiri ya wakuba.

Ndimagwira ntchito pa holoselo ina ku Limbe. Ndimayang'anira seva, kompyuta yaikulu yosunga mitengo ndi kuchuluka kwa katundu. Nditayamba ntchito ndinapeza kuti pasiwedi yolowera ndi imodzi yokha, ndipo inali pa dzina la woyang'anira, kutanthauza ine. Abwana ankaidziwa, achimwene awo, ogulitsa, ngakhale anthu amene anasiya ntchito kalekale. Ndikati tisinthe, abwana ankangoseka: "A Esinati, pano ndife banja limodzi. Mukufuna ndimane achimwene anga?"

Kenaka sopo anayamba kusowa. Makatoni akutuluka, manambala mu seva akusinthidwa kuti kubako kusaoneke, ndipo seva ikuonetsa kuti wasintha ndine. Anzanga anasiya kundipatsa moni. Abwana anati mwezi ukatha ndisabwerenso. Ndinalira, abale, sindikubisa. Ndinapemphera kuti, "Ambuye, ntchito ipite ngati ikupita, koma dzina langa liyeretseni."

Sabata yomweyo amalume anga anamwalira. Ndinati, koma Mulungu, zonsezi ine ndekha? Tsiku loika maliro, ndili kalikiliki kutunga madzi ndi amayi anzanga, foni ndaisiya m'nyumba, ndinangoona abwana atulukira kudzapepesa. Anali atandikwiyira, inde, koma maliro a kwa wantchito wawo sakanawajomba. Anatiperekeza mpaka kumanda.

Nditabwerera ku ntchito anandiitana, manyazi ali m'maso. Seva inkaonetsa kuti masana omwewo, pamene iwo ankandiona ndi maso awo ndikuika nkhata pamanda, "Esinati" analowa kudzera pa intaneti n'kufufuta makatoni ena.

"Pepani mayi," anatero. "Tsekani zonse."

Ha! Ndinatseka ngati ndikutseka nyumba yanga yomwe. Aliyense ndinampatsa dzina lake ndi pasiwedi yake, yongomufikitsa pa ntchito yake basi. Pasiwedi yakale ija ndinaifafaniza. Njira yolowera munthu ali kutali ndinaitseka, waifai ya makasitomala ndinaipatula kuti isamakhudzane ndi seva. Wakubayo sitinamugwire, koma sopo sanasowenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipezera mboni pamalo amene ine ndinkangoona misozi. Inu amene mukunamiziridwa lero, musafooke, pitirizani kugwada. Mboni yanu ikubwera, mwina pa tsiku lomwe mukuliyesa loipitsitsa.

Mwezi watha achimwene a abwana aja anabwera kudzandipempha pasiwedi yanga, ati yawo aiwala. Ndinawapatsa mpando mwaulemu, n'kuwauza kuti ndiwapangira ina, koma yangayo ayi. Anapita kukandinenera kwa abwana.

Abwana anawayankha kuti, "Ngakhale ine sindiidziwa."