Chipanda Choyamba N'cha Wofulula

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine mayi wamasiye wa ku Nathenje. Amuna anga anamwalira chaka chomwe tinavotera zipani zambiri, munda wa chimanga usanalimidwe. Alamu anga a ku Mitundu anandibweretsera mgolo, chimera ndi sefa, nati, "Fululani mowa wa dima, anthu akulimireni."

Chibadwire ndinali ndisanalawepo mowa, koma ndinafulula. Atamaliza kulima, abambo omwe anabwera ku dimalo anangokhala pansi osamwa, chipanda chili pakati pawo. Ndinkayesa mowawo wasasa.

Mmodzi anati, "Mayi, wofulula amayamba walawa, tione kuti mulibe mankhwala."

Ndinamwa, misozi ikugwera m'chipandamo, anzanga a kwaya akundiyang'ana. Kumpingo anandidula chifukwa cha mowawo.

Omvera anzanga, musamaweruze wamasiye musanaone munda wake. Ana anga sanagone ndi njala chaka chimenecho.